Moto wa pansi pa galimoto: kasamalidwe ka sefa ya utsi ya DPF

Ngati pakhomo panu pali galimoto ya dizilo yochokera ku Japan kapena ku Ulaya, monga Hiace, Dyna, Canter, Isuzu Elf kapena Mazda CX-5, ndipo si yakale kwambiri, mwina pansi pake pali chibokosi chachitsulo chimene wogulitsa sanakufotokozereni. Chili pa paipi ya ekizozi, kufupi ndi injini. Dzina lake lodziwika ndi DPF. A Toyota ndi a Hino amachitcha DPR, a Isuzu amati DPD, koma ntchito ndi imodzi: kusefa utsi kuti mwaye usatuluke kunja.

Sefa imeneyi imadzitsuka yokha ndi moto. Mwini galimoto amene sadziwa zimenezi amagwa m'mavuto awiri. Mwina amauzimitsa motowo usanamalize ntchito, sefa n'kutsekeka. Mwinanso amaimika galimoto yotentha pa udzu wouma, moto n'kubuka. Zonse ziwirizi n'zopeweka, ndipo kuzipewa sikufuna ndalama zambiri. Kumafuna kudekha kwa mphindi 20 ndi diso loyang'ana pansi musanaimike.

Chimene chimachitika m'kati mwa sefa

M'kati mwa chibokosicho muli chinthu choumbidwa n'kuwotchedwa, chokhala ndi timabowo tambirimbiri tataliitali. Kabowo kalikonse n'kotseka mbali imodzi. Utsi ukalowa, umakakamizika kudutsa m'khoma la kabowoko. Mpweya umadutsa, mwaye umatsala. Tsiku ndi tsiku mwaye umaunjikana, ndipo kompyuta ya galimoto imayeza kuti sefa yadzaza kufika pati.

Mwaye umachoka m'njira ziwiri. Galimoto ikamayenda ulendo wautali pa tala, ekizozi imatentha yokha ndipo mwaye wina umapsa pang'onopang'ono inu osadziwa n'komwe. Koma ukachuluka, kompyuta imalamula injini kupopera dizilo woonjezera kuti kutentha m'sefa kukwere mpaka madigiri pafupifupi 600. Pamenepo mwaye umapsa n'kusanduka mpweya. Ntchitoyi imatenga mphindi 10 mpaka 25, ndipo imabwera galimoto ikayenda makilomita mazana angapo, malinga ndi kayendetsedwe kake.

Masefa amenewa anabwera chifukwa cha thanzi la anthu. Mu 1999 bwanamkubwa wa mzinda wa Tokyo, Shintaro Ishihara, ankaonetsa atolankhani botolo la mwaye wa m'galimoto za dizilo, ndipo mu Okutobala 2003 mzindawo unaletsa malole akale ofuka utsi kuyenda m'misewu yake. Ku Ulaya, malamulo a Euro 5 a mu 2009 anachititsa kuti pafupifupi galimoto yatsopano iliyonse ya dizilo ikhale ndi sefayi. Magalimoto amenewo ndi omwe lero akutsika pa doko la Dar es Salaam, kulowera pa Songwe, n'kudzafika m'makomo mwathu.

Vuto ndi lakuti moyo wa galimoto kuno kwathu ndi wina. Minibasi imaima pa siteji injini ikulira, kudikira kuti idzaze. Pikapu imachoka pakhomo kupita kuchigayo, kudimba, kumsika wa pa Njewa, maulendo a mphindi zisanu asanu. Lole ya fodya imakwawa pa mzere ku Kanengo tsiku lonse. Mayendedwe oterewa amapanga mwaye wambiri koma sapatsa sefa mpata wotentha. Walira mvula walira matope: mwagula galimoto yamakono, muyenera kuipatsa zimene imafuna.

Dziwani pamene yayamba kuwotcha mwaye

Magalimoto ambiri sayatsa nyali iliyonse akayamba kudziwotchera okha mwaye. Muyenera kumva ndi kununkhiza. Mukaima, injini imalira mokwera kuposa masiku onse. Fani ya kutsogolo imazungulira mwamphamvu, nthawi zina ngakhale mutazimitsa injini. Mumamva fungo la chitsulo chotentha, ndipo pansi pa galimoto pamamveka kuthetheka. Mafuta amatha msangako pang'ono. Magalimoto omwe amadzizimitsa okha pa roboti amasiya kutero pa nthawiyi.

Mukaona zizindikiro zimenezi musachite mantha, galimoto sinawonongeke. Ndipo musafulumire kuzimitsa. Ngati mwatsala pang'ono kufika, pitirirani pang'ono n'kubwerera, mpaka kulira kwa injini kutsike. Kuzimitsa kamodzi si mlandu. Koma mukazolowera kuidula tsiku ndi tsiku, mwaye umangoonjezekera, ndipo dizilo amene anapoperedwa kuti akoleze moto amatsetsereka kulowa mu oyilo.

Yang'anani pansi musanaimike

Pa nthawi yowotcha mwaye, ingoyesani kuti pansi pa galimoto mwamangirira mbaula ya makala yoyaka. Malo amene simungaikepo mbaula, musaimikepo galimoto.

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, dera lathu lonse limakhala louma. Kuminda kuli mapesi, pabwalo pali makoko a soya ndi a mtedza, kuseri kuli mpanda wa tsekera, ndipo chigafa cha fodya chili pomwepo ndi denga lake la udzu. Lole ikalowa m'munda kukasenza matumba a chimanga, imaima pamwamba pa zinyalala zomwezo. Mpweya wotuluka ku ekizozi pa nthawiyi ungathe kuyatsa udzu, kusungunula lona la pulasitiki, kapena kuwotcha mwendo wa mwana amene waima kumbuyo.

Choncho imikani pa dothi loyera, pa miyala kapena pa simenti. Ngati mukukatenga katundu kumunda, tumizani munthu alambule ndi khasu malo oimikapo. Ekizozi isaloze ku nkhokwe, ku khola, ku mulu wa nkhuni, kapena ku zigubu za mafuta. Siyani mpata wa mamita angapo kumbuyo kwake. Musalowetse galimoto m'galaja kapena m'shedi ya udzu pamene fani ikadali kulira. Idikireni panja izizire kaye.

Pali china chimene ambiri amaiwala. Mukadutsa m'tinjira ta udzu wautali, udzu umakodwa pakati pa sefa ndi chitsulo choitchinga. Umauma pomwepo n'kudikira tsiku lowotcha mwaye. Kumapeto kwa 2017 kampani ya Ford inaitanitsa magalimoto ambirimbiri a Ranger ku Australia kuti akakonzedwe chifukwa cha vuto lomweli. Ndiye galimoto ikazizira, m'mawa musanalize injini, gwadani ndi tochi. Tengani kawaya kopinda kumapeto, muwonjole udzu, mapepala a pulasitiki ndi makoko onse omwe akanirira. Ndi ntchito ya mphindi zisanu. Muziichita sabata iliyonse m'chilimwe, komanso tsiku lililonse limene mwalowa m'munda. M'galimoto muzikhala chozimira moto, pamalo poti dzanja lifike msanga, osati pansi pa katundu.

Nyali ya DPF ikayaka pa galimoto yopanda batani

Nyali ya sefa kawirikawiri imakhala yachikasu. Pena imalembedwa DPF, pena ndi kachithunzi ka bokosi kokhala ndi timadontho m'kati. Ikayaka, galimoto ikukuuzani kuti yayesa kudzitsuka koma sinapatsidwe mpata. Musadikire sabata. Chitanipo kanthu tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Choyamba, onani mafuta. Magalimoto ambiri amakana kuwotcha mwaye ngati thanki yatsala pang'ono kuuma. Chizolowezi chothira mafuta a ulendo umodzi wokha chimapha masefa ambiri. Thirani mpaka muvi upyole kota.

Chachiwiri, onani oyilo ndi madzi, galimoto ili pamalo osapendekeka.

Chachitatu, sankhani msewu woti muyende osaimaima. Ife a m'mphepete mwa msewu wa M12 wopita ku Mchinji tili ndi mwayi, watidutsa pakhomo. Kuchoka pa Njewa kudutsa Chitedze, Mpingu ndi Msundwe mpaka ku Namitete ndi mtunda wokwanira bwino. Nyamukani nthawi imene msewu uli pheee, ndipo pewani tsiku la msika.

Chachinayi, injini ikatentha, yendani pa liwiro la makilomita 60 mpaka 80 pa ola, muvi wa injini uli pa 2,000 kapena kupyola pang'ono. Ngati pa giya yomaliza muviwo ukugwa, tsitsani giya. Sikuti muthamange ayi. Chofunika ndi kuyenda mosadukiza kwa mphindi 15 mpaka 30. Pofika pa malo a malonda chepetsani liwiro monga mwa lamulo. Akabaza, ngolo ndi ana asukulu ndi ofunika kuposa sefa, ndipo moto sungazime chifukwa chochepetsa liwiro kwa kanthawi.

Chachisanu, nyali ikazima yendanibe mphindi zina zisanu kuti ekizozi izizire ndi mphepo, kenako muime pamalo oyera.

Ulendo wotere, kupita ndi kubwera, umadya ola limodzi ndi malita a dizilo pakati pa 5 ndi 8 kwa galimoto ngati Hiace. Musauone ngati kutaya mafuta. Ukonzeni kuti ugwirizane ndi ntchito ina, monga kukagula mbewu kapena kukaona odwala ku chipatala cha St Gabriel's ku Namitete.

Ngati galimoto ili ndi batani

Malole ang'onoang'ono ambiri a ku Japan, monga Elf, Canter ndi Dyna, ali ndi batani lowotchera mwaye galimoto itaima. Nyali ikayamba kuphethira, ndiye kuti nthawi yakwana. Buku la galimoto yanu ndilo mwini nkhani. Ngati linabwera m'Chijapanizi, pemphani wachinyamata akupezereni la Chingerezi pa intaneti. Koma ndondomeko yake imayenda motere.

Imikani panja, pamalo oyera, potalikirana ndi nyumba. Musayerekeze kuchitira m'galaja yotseka, chifukwa utsi wa injini umapha mwakachetechete. Uzani ana achoke, thamangitsani ziweto, ndipo munthu asatsamire kumbuyo kwa galimoto.

Onetsetsani kuti injini yatentha kale. Kokani handibuleki, giya ikhale pa nyutulo, kapena pa P ngati ndi otomatiki. Chotsani phazi pa zopondera zonse. Ngati ndi tipa kapena lole ya kireni, zimitsani makina okwezera.

Dinani batani. Nyali imasiya kuphethira n'kuyaka mokhazikika, ndipo injini imakweza mawu yokha. Kulirako kumasinthasintha, pena kautsi koyera kamatuluka. Zonsezo n'zoyenera.

Tsopano dikirani. Zimatenga mphindi 15 mpaka 20, nthawi zina kupyola apo ngati mwaye unachuluka. Musaponde moto, musaponde kilachi, musakhudze giya, chifukwa mukatero ntchito imaima ndipo muyambiranso. Musachokepo kupita kukamwa tiyi. Khalani pambali, maso ali pansi pa galimoto. Mukaona utsi wakuda wochokera pena posakhala ku ekizozi, kapena chinthu chikudontha, zimitsani injini pomwepo.

Nyali ikazima ndipo kulira kwatsika, isiyeni injini ilire pang'onopang'ono mphindi zingapo musanazimitse. Musagwire ekizozi, ndipo musaithire madzi kuti izizire msanga. Sefa yotentha ikakumana ndi madzi ozizira ingathe kung'aluka. Pa chifukwa chomwechi, nthawi ya dzinja musalowe nayo m'madzi akuya itangomaliza kuwotcha.

Nyali ikakana kuzima

Ngati mwayenda ulendo wonse uja, kapena mwadina batani kawiri, koma nyali ikadali yoyaka, lekerani pomwepo. Chimodzimodzi ngati yayaka pamodzi ndi nyali ya injini, kapena galimoto yafooka ndipo sikukoka. Apa mwaye wachuluka kwambiri, kapena pali china chawonongeka. Kukakamiza moto pa sefa yodzaza mopyola n'koopsa, chifukwa mwaye wonsewo ukayaka nthawi imodzi kutentha kumakwera mpaka kusungunula timabowo tam'kati.

Musachotse batire kuti nyali izime. Nyali idzazimadi mwina, koma mwaye uli pomwepo. Pitani kwa makaniko amene ali ndi kompyuta yowerengera magalimoto. Mufunseni mafunso awiri: mwaye wafika pati, ndipo n'chiyani chaudzazitsa msanga? Funso lachiwirili ndilo lofunika. Kawirikawiri sefa imadzaza chifukwa cha matenda a kwina: mainjekita odontha, valavu ya EGR yodzaza makala, paipi ya turbo yong'ambika, kapena timapaipi tating'ono toyezera sefa totsekeka. Makaniko amene angowotcha mwaye osafufuza gwero, mudzamuonanso mwezi usanathe.

Oyilo, dizilo ndi mpweya

Mwaye umapsa, koma phulusa silipsa. Phulusa la m'sefa limachokera makamaka ku oyilo. N'chifukwa chake galimoto ya DPF imafuna oyilo wake wa phulusa lochepa. Werengani kumbuyo kwa chigubu. Magalimoto ang'onoang'ono a ku Japan amafuna wolembedwa JASO DL-1, malole amafuna DH-2, ndipo a ku Ulaya amafuna ACEA C yotsatana ndi nambala, monga C2 kapena C3. Tsatani zimene buku lanena. Oyilo ameneyu ndi wodulirapo ndipo sapezeka pa gulosale iliyonse, choncho mukapita m'tauni gulirenitu wokwanira. Oyilo woyezera m'botolo wa pamsika, amene simudziwa kuti ndi wa mtundu wanji, musamuthire.

Sabata iliyonse sololani kachitsulo koyezera oyilo. Pa galimoto zimenezi chodetsa nkhawa si kuchepa kokha, komanso kuchuluka. Oyilo akamakwera yekha, kapena akamanunkha dizilo, ndiye kuti mafuta akulowamo chifukwa chodula kuwotcha kawirikawiri. A Mazda anaika chilembo cha X pamwamba pa kachitsuloko. Oyilo akafika pamenepo, msintheni msanga, ngakhale makilomita asanakwane. Oyilo wosakanikirana ndi dizilo sateteza injini, ndipo akachulukitsa injini imatha kuyamba kumumwa n'kuthamanga yokha osamvera kiyi.

Dizilo nayenso akhale woyera. Kuyambira 2017 dziko lathu linasamukira ku dizilo wa salufa wochepa, wa 50 ppm, pamene ku Japan ndi ku Ulaya amagwiritsa wa 10 ppm. Kusiyana kumeneku kukutanthauza kuti sefa kuno imagwira ntchito yolemerapo, ndiye isapatsidwenso mtolo wina. Mafuta akasowa, tonse timayang'ana kwa mavenda a zigubu. Vuto ndi lakuti simudziwa ngati muli palafini, madzi kapena fumbi. Zotere zimawononga mainjekita, ndipo injekita yodwala ndi fakitale ya mwaye. Gulani pa filing'i siteshoni nthawi zonse mukatha kutero, ndipo sinthani fyuluta ya mafuta pa nthawi yake.

Ngati mumayenda misewu ya fumbi ya ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, tsegulani fyuluta ya mpweya milungu iwiri iliyonse m'chilimwe. Injini yosowa mpweya imafuka mwaye. Igogodeni pang'ono ndi dzanja, musaimenyetse pa tayala, musaitsuke ndi madzi, ndipo ikada kwambiri gulani ina. Musalolenso kuti wina achotse thermostat ponena kuti kuno n'kotentha. Injini yopanda thermostat imachedwa kufika pa kutentha koyenera, ndipo kompyuta siyambitsa kuwotcha mwaye injini ili yozizira. Pomaliza, chepetsani kuliza injini mutaima, ndipo musaikoketse katundu wopyola muyezo pa giya yapamwamba.

Kutsuka phulusa ndi mtengo wake

Ngakhale mutasamala bwanji, phulusa limaunjikana ndithu. Magalimoto ambiri amene timagula amafika atayenda kale makilomita oposa 100,000, sefa itatenga kale gawo lake. Chizindikiro ndi chakuti nyali imabwera pafupipafupi ngakhale zonse zili bwino. Apa sefa imafunika kumasulidwa n'kukatsukidwa ndi makina ake. Konzekerani kuti galimoto igona ku galaja tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa sefa yotsukidwa ndi madzi iyenera kuuma bwinobwino isanabwezeredwe, ndipo kompyuta iyenera kuuzidwa kuti sefa yatsukidwa.

Musaitsukire pakhomo ndi soda, asidi kapena petulo. Musaiike pa moto wa nkhuni. Musaipope ndi mphepo pabwalo pamene pali anthu, chifukwa fumbi lake ndi loipa m'mapapo.

Pa mitengo, funsani magalaja awiri kapena atatu musanavomere, pakuti kwacha imasinthasintha. Koma mndandanda wake susintha. Ulendo wa ku Namitete ndi malita ochepa a dizilo. Kuwerengetsa pa kompyuta ndi kuwotchetsa ku galaja n'kodulirapo. Kumasula ndi kutsuka n'kodula kuposa apo. Sefa yatsopano ya kampani imafika madola 1,000 kapena kupyola, ndiye kuti kwacha zoposa miliyoni, osawerengera kuitanitsa ndi kudikira milungu ingapo galimoto ili pa miyala.

Akakuuzani kuti ingochotsani

Mudzamva malangizo akuti sefayi ndi ya azungu, ingoibowolani ndi chitsulo kapena muidule. Ganizirani kaye amene amapuma utsi wa galimoto yanu. Ndi kondakitala amene amakhala pakhomo la minibasi tsiku lonse. Ndi amayi ogulitsa tomato m'mphepete mwa msewu pa Mpingu, mwana ali kumbuyo. Ndi achibale anu amene mwawakweza kumbuyo kwa lole popita kumaliro. Mu 2012 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO inatsimikiza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Tinthu ta mwaye timeneti ndi tating'ono kwambiri moti timalowa mpaka m'kati mwenimweni mwa mapapo.

Kuchotsa sikuchiza gwero la vuto. Injekita yodontha idzadonthabe, ndipo tsopano palibe nyali yokuchenjezani. Komanso sefa ikabowoledwa kompyuta osasinthidwa bwino, galimoto imapitiriza kupopera dizilo wowotchera sefa imene kulibe, oyilo n'kumawonongeka.

Ngati galimoto amayendetsa ndi dalaivala wolembedwa ntchito kapena mwana wanu, khalani naye pansi lero. Muonetseni nyaliyo ndi batani lake. Muuzeni momveka kuti akaima mphindi 20 kuti awotche mwaye simudzamudula malipiro, ngakhale ndalama ya tsikulo ichepe. Madalaivala ambiri amabisa nyali, ena mpaka kuimata ndi tepi, chifukwa choopa bwana. Gwirizanani tsiku limodzi pa sabata loyang'ana oyilo, kuwonjola udzu ndi kuipatsa galimoto ulendo wa theka la ola pa tala, ndipo muzilemba m'kope tsiku lililonse limene nyali yayaka ndi makilomita ake. Kopelo ndi limene mudzapatse makaniko akadzafunsa kuti vuto linayamba liti.